Ulendo Wopanda Uthenga

Pa siteshoni ya Limbe anandilipitsa kawiri,
tikiti yanga ndi tikiti ya njinga.
Kalaliki anaiyang'ana kuyambira pa belu mpaka ku matayala
nalemba kuti katundu.
Ndinafuna kumuuza kuti katunduyo ndine,
iyi ndiyo idzandinyamula.

Anaikankhira m'bogi ya kumbuyo
pakati pa matumba a nandolo, malata khumi ndi awiri,
ndi mbuzi ya munthu wotsikira ku Golomoti.
Ndinaimangirira pachitsulo ndi mphira
ndipo ndinacheuka katatu
ngati kholo losiya mwana kusukulu yogonera komweko.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndawerenga mapilitsi
kuseri kwa kazenera ka chipatala:
awiri m'mawa, awiri madzulo, mutadya kaye.
Tchuthi changa chonse chinkathera kumaliro,
kuzinkhoswe, komanga ziliza.
Chino chokha ndachibisa,
ngakhale mlongo wanga sakudziwa.

Sitima sithamanga.
Imayenda ngati ikukumbukira kanthu,
gudu gudu, gudu gudu,
kenaka zii pakati pa tchire
popanda wokwera, popanda wotsika.
Pa Balaka nzimbe zinalowera pazenera,
ndalama zikutulukira pomwepo.
Amene ndinakhala nawo pampando, a Nasibeko,
anafunsa: Ku Salimako kwagwa zovuta?
Ayi.
Kuli odwala? Ayi. Geni?
Ayi mayi, ndikukapalasa njinga basi.
Anandiyang'ana nthawi yaitali
nandinyemera nthochi yawo
monga amachitira ndi munthu amene mutu sukugwira bwino.

Titadutsa Mtakataka milambe inayamba kutiperekeza,
yonenepa, yopanda masamba, yosafunsa mafunso.
Kutentha kunakwera opanda tikiti.
Ndinagona, ndinadzuka, ndinagonanso,
khosi litapindika ngati mbedza.

Salima!
Miyendo yadzanzi, ndinathamangira kumbuyo.
Njinga ilipo. Belu lilipo. Pampu ilipo.
Chishalo ndiye chatsala masipuling'i okhaokha
ndi kachikopa konyowa ndi malovu.
Mbuzi inatsika kale ku Golomoti, itakhuta.

Ndinaseka mpaka anyamata a kabaza anandizungulira.
Wina anati, Adala, pano malo adadzaza,
makasitomala ake omwewa tikulimbirana.
Ndinati sindinabwere kudzanyamula munthu.
Nanga makala? Ayi.
Ndiye keliyala yonseyi ndi ya chiyani?
Ya malaya awiri, bulangete ndi botolo la madzi.
Anayang'anana.
Mmodzi anandilozera pansi pa mtengo wa nimu.

Pamenepo panali Twaibu, sipanala kukamwa,
manja akuda bii ndi girizi.
Sanafunse kanthu.
Anadula siponji ya matiresi akale,
anakulunga ndi chubu chotha,
anamanga, anakoka ndi mano, anamenyapo ndi chikhatho.
Atamaliza ndipo anati, Mpaka kuti?
Nkhotakota, ndikafika. Ndikapanda kufika, Benga.
Benga akakana, Khombedza yomweyo.
Akukudikirani ndani?
Palibe.
Anachotsa sipanala kukamwa kuja.
Zaka zonsezi, iye anatero,
ndakonza njinga zothamangira kuchipatala,
zothamangira kumsika, zothawa angongole.
Yopita kosadikiridwa ndi yoyamba ino.
Ndalama analandira theka.
Theka linalo, akuti, mudzandiuze zomwe mwaona.

Tsopano tauni yatsalira kumbuyo.
Msewu wawongoka pakati pa minda ya thonje,
phula likunyezimira ngati lathiridwa mafuta.
Chishalo cha Twaibu chapendekera kumanzere
ndipo chikulira tswii pa bampu iliyonse.
Mwana wina woweta ng'ombe wakuwa kuti, Mukupita kuti?
Ndatsegula pakamwa kuti ndiyankhe
koma mphepo yalowamo.

Kutali kumbuyoko sitima yaliza hutala,
ikupitiriza ndi anthu a zifukwa zawo.
Ine ndaimirira pamapedulo.
Bondo lamanja layamba kale kudandaula.
Lisiyeni lidandaule,
lero sindikuwerengera munthu mapilitsi.