Zikwama za Pakaliyala

Lachiwiri lija mazira asanu ndi limodzi
anathera pa mabampu a ku Mchesi.
Jumbo inali lende pa handulo,
inangopsompsona sipoko kamodzi,
basi, ndiwo za ana zinayenderera pa phula
lole ya mchenga ikundiimbira hutala kumbuyo.
Kunyumba Nangozo sanakalipe.
Anayang'ana buluku langa lachikasu m'maondo
n'kupitiriza kuyamwitsa.

Kukhala chete kumeneko n'kumene kunanditengera
kwa a Lajabu, kuseri kwa Malangalanga,
kumene lona wotopa ndi maulendo a mathiraki
amadzayambiranso moyo pansi pa singano.

Ndinafunsa za dengu.
Iwo, ulusi uli pakamwa, anati
mvula ya Januwale imalowa m'dengu ngati kwawo,
shuga mukafika naye ali madzi.
Nanga kireti, yomanga ndi malegeni?
Anaseka. Katundu akakhala m'mwamba
njinga imadzandira pokhota,
mudzapereka moni kwa ngalande.
Pa msomali panali china cha pa kaunjika,
chonyezimira, mazipi mbali zonse,
mtengo wake theka la lendi.
Ndinachigwira pang'ono, ngati mwana wa eni.
Zipi, iwo anati, ndi chakudya cha fumbi la Okutobala.
Tengani za malamba. Lamba akaduka mumamanga mfundo.

Anagwada ndi tepi pa tayala lakumbuyo,
anandiuza ndikwere, ndipalase chobwerera
kuti aone pomwe chidendene chimathera.
Kenako, osadzutsa mutu:
Kodi mumagula zochuluka bwanji?

Ndinawerenga chamumtima.
Pakutha pa mwezi: mafuta lita imodzi, sopo wamtanda,
mchere, anyezi, kachewere wa m'kambale.
Pakati pa mwezi: bonya wa m'kapepala
ndi tomato atatu, wachinayi wa basera.
Zonsezo zikanakwana m'chipewa changa.
Panali anthu pamenepo, mnyamata wa kabaza,
mayi wina wodikira chikwama cha sukulu.
Ndinati, sokani zazikulu. Ziwiri.

Zinakhala bwino, sindinama,
zobiriwira, chilembo chimodzi cha kampani ya eni
chitatsalira chozondoka kumanja.
Koma chimodzi chikadzadza chinzake chinkagona ndi njala,
njinga n'kumapendekera kumanzere
kuchokera pa mlatho mpaka ku Kawale,
phewa langa likulipira bodza la pakamwa panga.
Gawani katunduyo pawiri, wina anandiuza.
Botolo limodzi la mafuta ungaligawe bwanji?

Ndiye ndinaika chidutswa cha njerwa.
Masabata atatu ndinakwera nacho chitunda,
thukuta kamukamu, kunyamula njerwa
kupita nayo kumsika, kubwera nayo kunyumba,
anthu m'njira akuti, awo ndiye akudya bwino.

Amene ananditulukira ndi Mayi Esinta a nyumba yoyandikana,
aja miyendo inayamba kutupa chaka chatha.
Anamva kugunda ndikutsamiritsa njinga pa khoma.
Sanafunse.
M'mawa mwake anabwera ndi ndalama yopindapinda
ndi mawu olemba kuseri kwa katoni ya sopo:
kabichi wamkulu, nyemba, makala a mbaula imodzi,
ngati malo alipo, achimwene.

Malo analipo.

Tsopano Loweruka njinga imayenda chilili.
Kumanzere zathu, kumanja za eni,
nthawi zina ndi za aphunzitsi a kuseri
amene amalipira ndi zikomo wautali kwambiri.
Mazira ndimawakulunga m'juzi yakale ya mwana,
pa mabampu a ku Mchesi ndimaimirira pa mapedulo.
Lamba mmodzi anaduka kale. Ndinamanga mfundo.

Njerwa ija Nangozo anaitenga,
amatsekerezera chitseko kukamatentha.
Sananenepo kanthu za iyo mpaka lero,
koma akamaisuntha ndi phazi
ndimaona mapewa ake akugwedezeka.