Mlendo m'Makina

Chipale chayamba kugwa pa mtsinje wa Elbe.
Sitima ya mumsewu yadutsa kachitatu,
ine ndikadali pa tebulo la kukhitchini
ndi kachimbale ka bambo m'dzanja,
kopepuka ngati sopo wotsala.

Kompyuta yawo inafa mu Okutobala.
Iwo anatsatira mu Novembala,
ngati anachita kupangana.

M'kachimbalemu muli malimba makumi anayi ndi awiri,
a m'matchalitchi a ku Pirna, ku Radeberg, ku Meissen,
chitoliro chilichonse ndi mbiri yake:
china chimatsokomola kukazizira,
china mleme unaferamo.
Pulogalamu yosunga zonsezi ndi nkhalamba yamakani,
siyankhula ndi makina a masiku ano.

Torben wa kuntchito anandiuza:
imangire chipinda m'kati mwa kompyuta yako,
makina ongoyerekeza.
Siizindikira. Iziyesa ili kwawo.

Koma kompyuta yangayi si nyumba imodzi.
Ndi tizigawo, kalikonse ndi mpanda wake.
Ka kiyibodi sikadziwa dzina la ka sikirini,
ka mawu sikanaonepo fayilo chibadwire,
ndipo palibe kolandira kanthu
ine ndisanalembe kuti kalandire.
Muno mulibe zobwerekana mchere.

Ndiye ndikulemba, mzere ndi mzere,
monga ndinkalongedzera chikwama chawo cha kuchipatala.
Memore, magigabaiti awiri, nayi.
Zenera limodzi, nali.
Kiyibodi uzibwereka ndikakuloza.
Intaneti ayi.
Ankaiopa ali moyo,
sindingawapereke kwa iyo lero.
Pa wotchi ndaima nthawi yaitali.
Yeniyeni ilipo, koma ndalumikiza yabodza,
yosadziwa kuti Novembala anabwera.

Ndadina. Mdima bii.
Pansi, m'kaundula, kamzere kamodzi kofiira:
wapempha chimbale, wamanidwa.
Ndine ndaiwala kulambula njira.
Chipinda ndamanga, bedi ndayala,
mlendo ndamusiya panja pachisanu.

Tiyi wazizira. Ndakonza.
Ndaphonya chilembo chimodzi.
Ndakonzanso, ndikutukwana chapansipansi
mmene ankachitira iwo kuseri kwa zitoliro,
abusa akunamizira kusamva.

Kenako kabuluu kaja.
Kagudumu kozungulira, kosafulumira,
ngati munthu wokwera makwerero ndi bokosi la zida.
Ndiyeno chithunzi:
ine wa zaka zisanu ndi zinayi, mano awiri palibe,
chala chili pa kiyi imodzi ya limba la ku Pirna.
Iwo sakuoneka. Anali pamwamba, m'fumbi,
akufuula: Gwira, Henrike! Usasiye!

Mafayilo onse alipo, m'ndandanda wawo wosokonekera
umene ankaumvetsa okha.
Lomaliza lalembedwa: Radeberg, sindinamalize.
Chitoliro cha makumi atatu ndi chimodzi chikutsika mawu.
Ndibwerera Khirisimasi ikapita.
Ndikumbukire kugula guluu.

Pali batani loimba mawu oyezera.
Ndadina, zii.
Inde, mawu sindinawapatse njira.
Mzere wina umodzi, ndayambitsanso,
makwerero aja akweredwanso,
ndipo nalo liwu limodzi, loonda, losagwedezeka,
ladzaza khitchini mpaka makapu anjenjemera.

Mayi Zschunke a m'nyumba yapansi
agogoda paipi ya chotenthetsera katatu.
Yakwana leveni koloko, akunena zoona.
Ndatsitsa. Sindinasiye.

Mawa kubwera mtsikana wa ku Radeberg,
Mareike, amene watenga ntchito yawo.
Akufuna manambala okha, ndimupatsa.
Za guluu ndimuuzanso.

Mlendoyu sadziwa kuti ndi mlendo.
Sadziwa kuti denga lake ndi mizere khumi ndi isanu ndi umodzi
imene ndalemba ndi zala zozizira,
kuti kuseri kwa khoma lake kuli chaka china.
Torben akuti ukamaliza uzizimitsa,
memoreyo ibwerere kwa ena.

Ena adikire.
Ndachepetsa zenera, ndalikankhira pakona,
ndapita kukatsuka kapu.