Pakutha pa Phunziroli

Lachisanu usiku ku Rosettenville.
Magetsi apita pa nthawi yawo, sachedwa amenewo.
Ndayatsa nyali ya foni, ndaitsamiritsa pa botolo la mafuta ophikira.
M'chipinda cha pamwamba Mkongo akulimbana ndi gitala,
kunja takisi yomaliza ikuitana anthu ndi hutala.
Manja anga akununkhabe sopo wa kwa abwana ku Kensington
koma cholembera chawazindikira.

Ndalemba tsiku. Ndalemba kalasi:
ana khumi ndi anayi,
wamng'ono zaka zisanu, wamkulu mawu ayamba kulemera.
Malo: galaja ya tchalitchi, akwayala akapanda kutitsogolera.
Nthawi: ola limodzi, kuchotsapo kusesa.

Kenako mzere uja.
Pakutha pa phunziroli, ophunzira athe...

Apa mpomwe a Chimbalanga amadzuka m'mutu mwanga,
choko mpaka m'nsidze, ku koleji ya Kasungu:
"Musandilembere kuti adziwe. Kudziwako munakuona kuti?
Musandilembere kuti amvetse. Kumvetsa kuli ndi sikelo?
Ndipatseni mneni woti diso limuone, khutu limumve.
Atchule. Alembe. Asiyanitse."
Ankadula ndi inki yofiira
mpaka pepala kuchucha ngati mbuzi ya pa Khirisimasi.

Ndiye ndamvera.
Athe kutchula ziwalo zisanu za thupi.
Athe kusiyanitsa mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga.
Athe kulonjera wamkulu osayamba ndi shapushapu.

Koma chimene ndikufuna ine sichikwana pamzere.
Ndikufuna Mwatitha, wobadwira konkuno ku South Rand,
foni ikalira kuchokera ku Mponela
asamaiponyere mayi ake ngati khala lamoto.
Ndikufuna Ulemu aleke kumeza dzina lake pa geti la sukulu
n'kumadzitcha Lebo.
Tsogolani naye, tsiku lina, adzabwebwete kutulo m'Chichewa,
ngakhale mawu awiri okha.
Aphunzitsi, mneni wake ndi uti?
Asaiwale? Mudula.
Asachite manyazi? Mufunsa kuti manyazi ndiwayeza ndi chiyani.

Zipangizo: katoni ya sopo yodula timagawo,
makala olembera,
chitenje chakale chokhala ndi mapu a kwathu,
Nsanje inapserera ndi simbi.
Chiyambi: funso, mphindi zisanu.
Mathero: funso lomwelo.
Batire yafiira. Ndagona osalemba zina.

Loweruka anabwera asanu ndi anayi.
Akwayala anatitsogolera,
tinakhala pansi pa jakaranda, pakati pa magalimoto.
Mutu unatheka, phewa linatheka,
bondo linakakamira kukhala idolo mpaka ndinalisiya.
Pa za mtengo, Tsogolani anakweza mkono:
"Madamu, kuno ku Joni ngakhale mtengowu uli ndi mtengo."
Sindinadziwe kuti ndichonge kapena ndiseke.
Ulemu analonjera mlonda wa pa geti bwinobwino, manja pamodzi,
mlondayo, Mzulu, anangoti shapu.

Tikuweruka, Mwatitha akuthamangira mayi ake
anapunthwa pa mwala wa m'mphepete mwa msewu,
chala chinasupuka,
ndipo asanaganize, asanasankhe chilankhulo,
anakuwa: "Mayo ine!"

Ndinaima ndi katoni yanga m'khwapa.
Sindinamuphunzitse zimenezo.
Sizili pa tsamba lililonse la kope langa.

Usiku uno magetsi alipo.
Pansi pa chikonzero pali malo a ndemanga ya mphunzitsi,
mizere itatu yokha.
Ndalemba ndi inki, monga munatiphunzitsira:
Zolinga ziwiri mwa zitatu zatheka.
Bondo libwerezedwe sabata yamawa.
Mzere wachitatu ndalemba ndi pensulo:
Mwatitha anapunthwa, ndipo analira kwathu.

Diso linaona, a Chimbalanga, khutu linamva.
Dulani ngati mukufuna.