Mawu Amene Munalibe M'filimu

Ntchito yanga ndi kubwereka anthu pakamwa.
M'kachipinda kuseri kwa saluni ku Chibavi,
makatoni a mazira atakhomedwa kukhoma,
ndimakhala ndi maiki yomanga ndi selotepi
n'kumayankhulira azungu, amwenye, matchaina,
mpaka onse kutuluka akuyankhula ngati a ku Zolozolo.
Wapolisi ndine. Mkazi wake ndinenso.
Galu yekha ndi amene ndimamusiya auwe chikwawo.

Anyamata amafuna zankhonya.
Koma sabata ija Chavula wa sho anandipatsira ina pafulashi:
"Iyi njozizira, koma azimayi amaikonda."
Munalibe mfuti, munalibe galimoto yophulika.
Bambo ndi mwana wake basi, patebulo,
maola awiri akupatsirana mchere
ngati akupatsirana mlandu.

Mnyamatayo atatsegula pakamwa,
timawu tapansi tinangoti chakudya chazizira.
Ine ndinati:
Munapita ku Joni ndili Sitandade 2.
Munati pa Khirisimasi mubwera ndi nsapato, nambala folo.
Mwabwera nazo ndikuvala naini.
Maliro a amayi munalira pafoni
mpaka mayunitsi anatha.

Ndinati ndifufute, magetsi n'kuthima.
Atayaka ndinangozisiya.

Nkhalamba ya m'filimu nayo inkadikira mawu anga.
Milomo yake inkangonena za mtengo wa mafuta,
koma ndinaiika m'kamwa chimene ndinkafuna:
Pepa, mwana wanga.
Ndinabwereza kanayi. Mawu ankakana kukalamba.

Loweruka kunagwa kamvula kathu ka Mzuzu
kosadziwa kalendala,
sho inadzaza, fungo la majuzi onyowa ndi tchipisi,
mabenchi a zigwagwa za ku Chikangawa akulira.
Ndinaima pakhomo kuthandiza kutolera ndalama
ndipo dzanja lina linandipatsa thu handiredi yonyowa,
dzanja lopanda chikhadabo kuchala chachikulu.
Sindinayang'ane nkhope.
Timagona nyumba imodzi, timasamba beseni limodzi,
koma mawu athu akutali kwambiri
ndi akuti, "Kiyi ali kuti?"

A Luhanga anakhala kumbuyo, pafupi ndi thumba lotchinga zenera,
jekete laulonda atalimanga mpaka m'khosi.

Pofika pa nsapato, anthu anafa nako kuseka.
"Ku Ulaya kulinso Joni?"
Pofika pa pepa uja, mayi wina wogulitsa nthochi anakuwa:
"Bodza ilo! Bambo amapepesa liti?"
Koma kamnyamata kakabaza pambali pake
kanakokera chipewa kumaso
ndipo sikanachikwezenso mpaka mayina atayamba kukwera.

Ine ndinkayang'ana kumbuyo.
Kuwala kwa sikirini kunkawasintha nkhope,
buluu, yoyera, buluu.
Sanatsokomole n'komwe, iwo otsokomola usiku wonse.

Anthu atatuluka ndinawapeza pakhonde
akulimbana ndi ambulera yothyoka nthiti ziwiri.
Ndinakonzeka. Kutukwanidwa, kaya mbama,
kaya pepa uja, poti ndinali nditawayeseza kale
pamaso pa Chibavi yense.

"Vitumbiko," anatero, maso ali kumatope.
"Sinali folo.
Inali faifi.
Ndinagula yokulirapo, kuti ukuliremo."

Anatambasula ambulera n'kuyamba ulendo wa ku Luwinga,
kukalondera matumba a eni ake mpaka m'mawa.
Ndinaona msana wawo ukulowa m'chifunga
pang'onopang'ono, mwendo wakumanzere ukutsalira.

Ine womasulira anthu a mayiko onse
ndinayang'ana pansi pa chithunzicho
kufuna timawu tondiuza tanthauzo.
Panali matope okha,
ndi mapazi awiri akudzaza madzi.

Nsapatozo zikadali pamwamba pa kabati, m'pepala la ku Joni.
Usiku umenewo ndinakwera pampando
n'kutembenuza imodzi.