Mapazi Asanu ndi Awiri

Kuseri kwa galaja ya Che Ndomondo ku Chinamwali
kwagona nkhalamba ziwiri zachitsulo pa njerwa:
Shevuleti yobiriwira ya zipsepse kumbuyo
ndi Doji yakuda imene mphaka waswiramo kawiri.
Ine ndine wopatsira sipanala.
Ntchito yanga ina ndi kumvetsera.

Bambo Makwinja amafika dzuwa likapendeka,
chipewa cha nthenga, nsapato zonyezimira.
"Masilinda asanu ndi atatu, mnyamata, werenga,"
amatero akusisita boneti ya Shevuleti.
"Ndinanyamuka nayo ku Joni Lachiwiri,
Lachinayi ndikumwa tiyi kwa apongozi ku Jali.
Ikabangula pa Thondwe
agalu a ku Matawale ankayamba kuuwa."

Che Ndomondo amalavula kamtengo kotokosera m'mano.
"Liwiro la pachidikha n'la ana.
Galimoto imayesedwa ndi mtunda.
Doji iyi inakwera ku Chawe pa giya yachiwiri
itasenza akwati, ankhoswe, mbuzi ndi limba la mpingo,
singano ya kutentha osagwedezeka n'komwe.
Yanuyo inkapapira petulo ngati chidakwa cha pamaliro."
"Mkango sudya udzu!"
"Mkango wopanda mabuleki."

Zaka zinayi ndamva zomwezi.
Mbuzi ija nthawi zina zimakhala ziwiri.

Tsiku lina Asiyatu, mdzukulu wa mwini galaja,
wobwera kumene kuchokera ku Nasawa ndi ovololo yatsopano,
anati, "Agogo, pakamwa si injini. Tiziliza."
Kunagwa bata loti n'kumva dzimbiri likudya chitsulo.

Masabata atatu anatsuka makabuleta ndi mswachi,
anathamangitsa mavu m'paipi ya utsi,
batire tinabwereka kwa wa minibasi,
matayala anayi okha ndiwo anali apachibale.
Petulo, poti pamapampu panali gwa,
tinagula wa m'zigubu, malita asanu aliyense,
mtengo wake Bambo Makwinja sanauze ana awo.

Loweruka m'mawa Shevuleti inatsokomola,
inatsokomolanso,
kenaka inatulutsa liwu lochokera pansi pa nthaka.
Malata a galaja ananjenjemera.
Ndinaona mwini wake akuvula chipewa
n'kuchiika pampando wakumanzere kwa mtima wake,
pamene pankakhala malemu Nasibeko,
ndipo anati utsi wamulowa m'maso.

Tinadutsa m'tauni anyamata a kabaza akutiperekeza ndi mahutala,
amayi ogulitsa mbatata akutchinga mphuno ndi zitenje.
Tinapitirira nyumba zakale za boma.
Phiri linatiyang'ana, osanena kanthu.

Pa khona yachitatu Shevuleti inapuma mozama n'kuzima.
Doji inaidutsa monyada, pang'onopang'ono,
Che Ndomondo akugwedeza dzanja ngati nduna,
kenaka phwii! nthunzi m'boneti,
nayonso zii.

Ife tinathamangira miyala yotsekera matayala.
Abambo otsika ndi nkhuni panjinga
anatilambalala mosamala, mmodzi n'kutipepesa.
Kamwana ka mabulosi m'mbale kanafunsa ngati tigula.

Che Ndomondo anayeza ndi nsapato yawo,
chidendene ku chala, chidendene ku chala,
kuchoka pa bampala kufika pa bampala.
"Mapazi asanu ndi awiri. Nkhani yatha."

"Phazi lanu n'laling'ono," anatero Bambo Makwinja,
"ndipo ine ndinanyamula mnyamatayu, wolemera ngati thumba la simenti.
Komanso petulo wanga anathiramo palafini."

Tinatsika mokokedwa ndi lole ya mchenga.
Asiyatu anaseka njira yonse, oyilo mpaka m'makutu,
akuwerenga pa zala zimene adzakonze mwezi wamawa.

Lero zabwerera pa njerwa zake.
Mphaka wabwereranso.
Dzuwa likupendeka, ndipo ndikumva nsapato pa miyala.
Mapazi aja dzulo anali khumi ndi awiri.