Nyengo za M'buku, Nyengo za ku Makhanga

Ndinatsika Thabwa nditavala juzi la ku Bembeke,
makutu akutseka pa khona iliyonse,
fungo la mabuleki likulowa pawindo la minibasi.
Pofika pa mlatho wa Shire juzi linali m'chikwama
ndipo kuno silinatulukemonso, chaka chachitatu chino.

Pa Bangula msewu unandikana.
Anati: Madamu, kwatsala bwato.
Ndinakhalira katoni ya mabuku, pakati pa mbuzi ndi njinga,
wopalasa akundiuza kuti ndisaviike dzanja m'madzi.
Chifukwa chake sananene.
Ndinachiona ndekha, chikuothera dzuwa pamchenga, kukamwa yasa.

Anandituma kudzaphunzitsa Chingerezi.
Buku lake lili ndi nyengo zinayi.
Patsamba lina mwana wovala magolovesi
akuumba munthu ndi madzi oundana, ogwa kumwamba ngati ufa.
Ndinawerenga zimenezo mu Okutobala,
choko chikuterera m'zala za thukuta,
malata akulira tha! tha! pamitu pathu.
Zuze anakweza mkono:
Madamu, ufawo amaphika?
Kalasi yonse inagwa nacho chiseko. Ine ndinaseka mochedwa.

Kuno nyengo ndi zina.
Pali yogona panja pamphasa, nyumba ikamapuma moto,
udzudzu ukuimba kuseri kwa neti ngati kwaya ya pamaliro.
Pali ya madzi, Ruo akabwera usiku osaodira,
nalowa m'kalasi mpaka pawindo,
nasiya mzere wa matope pabolodi
m'munsi mwa chiganizo chimene ndinalemba Lachisanu.
Masabata asanu tinaphunzirira kuseri kwa matenti,
chitseko chozuka chili bolodi lathu.
Pali ya thonje: mayina khumi ndi awiri osayankha pa kaundula.
Pali ya nyika, pamene Nsayi amabwera zala zitakwinyika
ndi madzi a kudambo,
nagona padesiki belu lachiwiri lisanalire.
Kenako Juni, mwera ukangoti pee,
ana amafika atadzikulunga m'zitenje, mano gwedegwede,
namandifunsa ngati kwathu kumazizira chonchi.
Ndimati: pang'ono.
Amayi anga atamva angaseke mpaka kutsamwa.

Ine ndimawapatsa mawu akutali,
iwo amandibwezera chenje m'Chisena.
Liwu loyamba linali nkhabe;
ndinaligula pamsika kwa Mayi Dinyero
nditafunsa mbatata ya kachewere.
Lachiwiri takhuta.
Mwezi wathunthu ndinkayesa akunena za m'mimba,
chonsecho anthu akundithokoza.

Pa holide ndimakwera kwathu
ndi milamba yowamba ndi jumbo la masawu.
Mng'ono wanga akuti ndada, akuti lilime langa lapindika.
Usiku ndimafunda mabulangete awiri koma tulo osabwera:
kuli zii,
palibe mvuu yodandaula tsidya lija,
palibe achule, palibe wopalasa woitana mnzake mumdima.
Tsiku lachinayi ndimayamba kufunsa mtengo wa basi.

Dzulo ndinatseka buku.
Ndinati: lembani m'Chingerezi nyengo zanu,
mwana wa magolovesi apumeko.
Zuze analemba mizere isanu ndi iwiri, zolakwa khumi ndi zinayi,
za usiku umene anakhala mumtengo wa mango
ndi mlongo wake ndi nkhuku imodzi,
madzi akudutsa pansi ndi madengu a anthu ena,
iye akuwerenga manambala mokweza kuti mwanayo asagone.

Cholembera chofiira ndinachigwira nthawi yaitali
mpaka nyali inayamba kuphethira.
Aneni ndinawawongola, ndiyo ntchito imene amandilipirira.
Koma liwu loti mtsinje
analiyamba ndi chilembo chachikulu
pakati pa chiganizo, ngati dzina la munthu
amene amamudziwa, amene anabwerapo kwawo.

Ilo ndinalisiya.