Kafayilo ka Kadontho

Chifunga chatsika pa Lizulu.
Malole a kabichi akubuula pamsewu,
ine ndili kuseri kwa sitolo ya a Kamtukule
ndi laputopu yakale ya ku chipatala cha Biriwiri
imene yagontha, siikumvanso netiweki.

Usiku utatu ndakhala ndikuyankha mafunso.
Kenelo ili ngati msilikali wa pachipata, siithamanga.
Dalaivala uyu alowe? Eya.
Nanga uyu? Ayi.
Uyo mumangire padera, tidzamuitana tikamufuna.
Mafunso mazanamazana,
zala zili gwa ndi chisanu cha Juni,
ndipo yankho lililonse linkagwera m'kafayilo kamodzi
kamene dzina lake limayamba ndi kadontho,
n'chifukwa chake kamabisala ngati nthata.

Usiku wachinayi kumanga kunaima panjira.
Ndinati ndisese kaye, ndiyambire poyera.
Ndinalemba lamulo losesa lija,
chala pabatani, pha!
Tsache la makina silisankha.
Linatenga zinyalala,
linatenganso kafayilo kanga.

Zii.

M'mawa mlongo wanga Nasibeko anatsika ku Tsangano
ndi matumba asanu a kachewere.
Za kenelo sanazimve, koma nkhope yanga anaiwerenga.
Anati, "Ndiye kuti wagulitsa ndi mbewu yomwe?"
Iyeyo thumba lachisanu ndi chimodzi salikweza lole
ngakhale mavenda atalumbira pali amayi awo.
Limakhala m'nyumba, pamdima, kudikira kutuluka maso.

Ndinafukula m'mimba mwa kenelo yakale.
Munalidi kope, lofinyidwa bwino,
koma anali mayankho a munthu wina, wa dziko lina,
amene sanaonepo fumbi la pa Biriwiri
kapena kadi ya netiweki yomatidwa ndi selotepi.
Anga aja anapita.

Ndayambiranso.
Eya. Ayi. Padera.

Tsopano ndisanagwire tsache ndimayamba ndakopera.
Kope lililonse ndimalipatsa tsiku ngati mwana wa kusikelo,
lina ndalitcha "lisanaonongeke",
lina "ili ndiye likugwira",
lina "ili ndiye likugwiradi".
Limodzi lili m'kompyuta, kutali ndi pomangira,
lina m'fulashi yomangirira ku makiyi a njinga,
lachitatu ndidzalitumiza kwa ine mwini
tsiku limene bandulo idzapezeke.

Sisitala Mbvundula aimbanso kachitatu.
Akuti malipoti a mankhwala aunjikana.
Ndati mawa, amayi, mawa ndithu.

Panopa makina akumanga.
Mizere ikuthamanga, fani ikulira ngati njuchi,
ndatsamiza manja pamene pakutuluka mpweya wofunda.
Babu laphethira kamodzi.
Magetsi akafuna apite.
Ndagwira m'thumba,
makiyi ali momwemo.